Mmene mungasankhire supercharger ya injini ya galimoto yothamanga yopanga nokha

Galimoto za mipando iwiri zimene anthu amapanga okha m'galaja ya kunyumba, zotengera Lotus Seven ya mu 1957, zili ndi kamatenda kamodzi. Ku Britain zambiri amazitchula kuti Locost, ku South Africa kuli za Birkin, koma matendawo ndi amodzimodzi: mwiniwake akayendetsa chaka chimodzi amaizolowera, ndiye usiku tulo osabwera, kumangoganiza kuti bwenzi mphamvu itawonjezekako pang'ono. M'mawa mwake ali pa intaneti kusaka supercharger.

Supercharger ndi pampu ya mpweya. Imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku pulley ya crank, n'kumakankhira mu injini mpweya woposa umene injiniyo ikanakoka yokha. Mpweya ukachuluka mumawonjezera petulo, mphamvu n'kukwera. Turbo imagwira ntchito yomweyi pogwiritsa ntchito utsi wa ekizozi, koma m'galimoto zopapatizazi imakhala pafupi kwambiri ndi mapazi a dalaivala, ndipo kutentha kwake sikocheza. N'chifukwa chake ambiri amakonda ya lamba.

Kugula supercharger kukhale komaliza. Zoyamba ndi izi.

Yambani mwaifunsa injini

Tenthetsani injini, chotsani mapulagi onse, yezani compression ya silinda iliyonse. Manambala akuyenera kuyandikana. Silinda imodzi ikatsalira ndi zoposa 10 pa 100 iliyonse, kapena ngati injini ikudya oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu, siyani kaye za supercharger. Injini yotopa mukaikankhira mpweya simwaichiritsa, mwangoifupikitsira masiku.

Kenako dziwani compression ratio ya injini yanu, nambala yosonyeza kuti pisitoni imafinya mpweya kangati mu silinda, osati mongoganizira. Titenge Toyota 4A-GE ya 1.6, imene yalowa m'galimoto zambiri zamtunduwu. Zoyambirira za mavalavu 16 zinali pa 9.4:1, zotsatira zake pa 10.3:1, pomwe ya mavalavu 20 ya chivindikiro chakuda ili pa 11:1. Tsono onani zimene a Toyota eni ake anachita atafuna kuika supercharger pa injini yomweyi n'kuitcha 4A-GZE: anatsitsa mpaka 8.0:1, pambuyo pake anakweza pang'ono kufika 8.9:1, ndipo anaikamo mapisitoni olimba. Sanachite zimenezi chifukwa chosowa chochita.

Ndiye pali njira ziwiri. Ngati simukufuna kutsegula injini, khalani pa boost yochepa (boost ndi mphamvu ya mpweya wowonjezera umene supercharger imakankha, yoyezedwa mu bar), 0.4 kapena 0.5 bar, ndipo compression ratio ikakhala yoposa 10:1 mutsikirenso pansi. Ngati mukufuna zoposa apo, ikani pambali ndalama za mapisitoni ena ndi gasiketi yabwino ya hedi. Njira yachitatu, yoti boost yambiri pa mapisitoni akale chifukwa mnzanu wina anatero ndipo zikuyenda, imathera pa injini yonoka.

Petulo nayenso ali ndi mawu. Konzerani injini petulo amene mumamupeza tsiku ndi tsiku, osati wapamwamba amene amapezeka pa filing'i siteshoni imodzi mu tauni yonse. Petulo amasiyana pa octane, nambala yosonyeza mmene amapirira kufinyidwa osaphulika yekha: ku Britain wamba ndi wa 95 ndipo wa 97 mpaka 99 alipo. Ku Gauteng kuli wa 93 ndi wa 95. Octane ikatsika, boost imene injini ingapirire imatsikanso.

Lembani nambala imodzi papepala

Mukufuna mahosipawa (hp) angati? Lembani, ndipo mulembe pambali pake kulemera kwa galimoto.

Galimoto zimenezi zimalemera makilogalamu 500 mpaka 650. Tinene kuti yanu ndi 550 ndipo injini ikutulutsa 120 hp. Boost ya 0.5 bar ikutanthauza mpweya wochuluka ka 1.5, choncho papepala mupeza 180 hp. Chotsanipo yotayika chifukwa mpweya watentha, chotsaninso imene supercharger imadya kuti izungulire, mutsala ndi 160 kapena 165. Zikuoneka zochepa mukamamva anzanu akutchula 300. Koma 165 hp pa makilogalamu 550 ndi 300 hp pa tani imodzi, ndipo galimoto yopanda denga, yopanda ABS, yomwe matako anu ali masentimita ochepa kuchoka pa phula, ikafika pamenepo imakuumitsani kukamwa.

Inde, Caterham 620R ili ndi injini ya Ford Duratec ya 2.0 yokhala ndi supercharger, yotulutsa 310 hp. Koma kumeneko giyabokosi, difu, mabuleki ndi matayala zonse anazisankhira mphamvu imeneyo. Yanu ngati ili ndi giyabokosi ya T50 ya Corolla yakale kapena Ford Type 9 yosasinthidwa mkati, nambala yanu ilemekeze zimenezo. Kilatchi ndiyo imayamba kudandaula.

Mitundu itatu, ndi mmene iliyonse imakankhira

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa kusiyana kwake sikuli pa kuchuluka kwa mphamvu kokha koma pa nthawi imene mphamvuyo imabwera.

Mtundu woyamba ndi Roots. Dzinali ndi la abale awiri a ku Connersville, Indiana, amene analembetsa makinawa mu 1860, ndipo sanawapangire galimoto ayi, anali opemerera mpweya m'mafakitale. Mkati muli ma rotor awiri olumana amene amatunga mpweya mbali ino n'kukautaya mbali inayo, muyeso womwewo ulendo uliwonse akazungulira. Ndiye mukangoponda moto, ngakhale pa 2,000 rpm, boost ilipo kale. Injini ya 1.6 imamveka ngati ya 2.4. Zodziwika kwambiri ndi za Eaton, ndipo nambala yake imakuuzani kukula: M45 imatunga ma cubic inch 45 ikazungulira kamodzi, kumene kuli pafupifupi malita 0.74, M62 ndi lita imodzi, M90 ndi lita ndi theka, M112 ndi pafupifupi 1.8. Ubwino wake waukulu ndi woti zimapezeka zogwiritsidwapo kale ntchito. M45 ili mu Mini Cooper S ya 2002 mpaka 2006, M62 mu Mercedes SLK 230 Kompressor zoyambirira, M90 mu injini za 3.8 za General Motors, M112 mu Jaguar za V8. Zatsopano za Eaton zotchedwa TVS, monga R900 ndi R1320, zili ndi ma rotor opotoka kwambiri ndipo sizitenthetsa mpweya ngati zakalezi, koma mtengo wake ndi wina. Palinso SC12 ndi SC14 za Toyota, za malita 1.2 ndi 1.4, zotsika mtengo, koma mapangidwe ake ndi akale ndipo mukazithamangitsa zimatentha msanga.

Wachiwiri ndi twin-screw, umene anaukonza injiniya wa ku Sweden Alf Lysholm m'zaka za m'ma 1930. Kunja umafanana ndi Roots, koma ma rotor ake ali ngati zomangira ziwiri zolumana ndipo amafinya mpweya mkati mwenimweni usanatuluke. Pa boost yokwera umatenthetsa mpweya pang'ono poyerekeza ndi Roots yakale. Whipple ndi Sprintex amapanga zoterezi. Pa injini yaing'ono ya 0.5 bar, ine ndalama imeneyo sindingaiwononge.

Wachitatu ndi centrifugal, monga Rotrex ya ku Denmark, Vortech ndi ProCharger. Iyi ili ngati theka la turbo lozunguzidwa ndi lamba. Kachitsulo kake kopemerera kamazungulira mothamanga kwambiri, pa zina mpaka kupitirira 100,000 rpm, ndipo boost imakwera motsatira liwiro, koma osati mofanana: liwiro likatsika ndi theka, boost imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati ikupereka 0.6 bar pa 7,500 rpm, pa 3,750 rpm ikupereka pafupifupi 0.15 basi. M'galimoto yolemera zimenezi n'zokhumudwitsa. M'galimoto ya makilogalamu 550 ndi dalitso, chifukwa potuluka pakona matayala akumbuyo sazungulira pamalo amodzi, mphamvu imabwera mwaulemu n'kumakulirakulira. Giyabokosi nayo imapuma. Rotrex ndi yaing'ono, imalowa pamalo ofanana ndi a alternator, koma ili ndi oyilo wakewake, kathanki kake ndi karediyeta kake koziziritsa oyiloyo, ndipo oyilo wa injini osayerekeza kuthiramo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati injini yanu ndi yokonda kulira pamwamba, monga 4A-GE ya mavalavu 20 kapena Honda K20, ndipo thumba likulola, tengani centrifugal. Ngati mumayenda kwambiri m'misewu wamba ndi m'mapiri, ndipo ndalama ndi zowerengeka, Roots yaing'ono ikukwanirani. Za timafani tamagetsi totchipa timene amagulitsa pa intaneti kuti ndi supercharger, zisiyeni. Kafani ka 12 volts sikangafinye mpweya, kamangotsekereza njira.

Masamu a pulley

Tengani pensulo. Gawo ili ndi la Roots ndi twin-screw. Za centrifugal mumasankha poyang'ana tchati cha wopanga, chimene chimaonetsa mpweya umene mtundu uliwonse ungapereke pa liwiro lililonse.

Injini ya four-stroke imakoka theka la kukula kwake crank ikazungulira kamodzi. Ya 1.6 imakoka malita 0.8. Kuti mupeze 0.5 bar mukufunika kuikankhira 0.8 kuchulukitsa ndi 1.5, amene ndi malita 1.2. M45 imatunga 0.74, ndiye 1.2 kugawa ndi 0.74 ikupatsani 1.62. Izi zikutanthauza kuti supercharger izungulire ka 1.62 pamene crank yazungulira kamodzi. Poti mpweya wina umathawira m'mbali mwa ma rotor, tinene 1.7. Ngati pulley ya crank ndi mamilimita 130, ya supercharger ikhala 130 kugawa ndi 1.7, pafupifupi 76.

Musaimire pamenepo. Chulukitsani 1.7 ndi liwiro lomaliza la injini. Pa 7,500 rpm, supercharger ili pa 12,750 rpm, ndipo M45 pamenepo ili bwinobwino. Ikamapitirira cha m'ma 14,000 imayamba kuwonjezera kutentha kuposa mphamvu.

Tsopano yesani masamu omwewo pa injini ya 2.0 ngati Ford Zetec. Imakoka lita imodzi, ikufunika 1.5. M45 iyenera kuzungulira kawiri ndi kakusefukira, ndiye pa 7,000 rpm yadutsa kale 14,000. Yachepa. M62 ingozungulira ka 1.5, kufika 10,500 rpm, ndipo malo okwezera boost mtsogolo alipo. Nanga M90 pa 1.6? Masamu akuti 0.8, kutanthauza kuti izizungulira pang'onopang'ono kuposa injini. Pa liwiro lotsika chotero mpweya wambiri umathawira m'mbuyo, ndipo mwanyamula chichitsulo cholemera, chachitali, chimene boneti singatseke. Kukula si kupambana pano. Onani a Lotus: pa injini imodzimodzi ya Toyota ya 1.8, Elise SC anaiika M45 yopanda intercooler (karediyeta koziziritsa mpweya usanalowe mu injini), pomwe Exige S yamphamvu kwambiri anaiika M62 ndi intercooler.

Masamuwa amakufikitsani pafupi, osati ndendende. Ma cam, hedi ndi ekizozi zimasintha nambala imene geji idzaonetse. Yambani ndi pulley yokulirapo, boost ikhale yochepa, mudzachepetse pulley pambuyo pake.

Kutentha, ndi kumene mumakhala

Mpweya ukafinyidwa umatentha, monga pampu ya njinga imatenthera m'manja. Kunja kukakhala madigiri 30, Roots yakale pa 0.5 bar imatulutsa mpweya wa pafupifupi madigiri 95 mpaka 100. Centrifugal yabwino pa boost yomweyo imatulutsa cha m'ma 80. Mukakweza Roots ija kufika 0.8 bar, mpweya umafika cha m'ma 130. Mpweya wotentha chotere umapangitsa petulo kuphulika yekha nthawi isanakwane. Amakaniko amati pinking. Kaphokoso kake kali ngati timiyala tikugubuduka m'chitini, ndipo m'galimoto yopanda denga ya ekizozi ya pambali simungakamve n'komwe mpaka pisitoni itabooka.

Choncho intercooler muiwerengere kuyambira pachiyambi, ndipo muone kumene ikhale musanagule supercharger. Mphuno ya galimoto zimenezi ndi yopapatiza ndipo rediyeta yadzaza kale. Ena amaika intercooler yopyapyala kutsogolo kwa rediyeta, ena amasankha yoziziritsa ndi madzi, imene imafuna kapampu ndi karediyeta kena.

Pali china chimene malangizo olembedwa ku England satchula kawirikawiri, chifukwa kumeneko dziko ndi lotsika. Supercharger siwonjezera mpweya wa muyeso wokhazikika, imachulukitsa umene yaupeza. Ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, mpweya wakunja ndi pafupifupi 1.01 bar, ndiye kuchulukitsa ndi 1.5 mu injini mukulowa 1.52. Ku Johannesburg, mamita 1,750 pamwamba, wakunja ndi 0.82, mu injini mukulowa 1.23. Pulley yomweyo, galimoto yomweyo. Mukaikonzera ku Johannesburg mpaka pa malire, tsiku lotsikira ku Durban injini ilandira mpweya wochuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, ndipo ngati kompyuta ya injini sinakonzekere, pinking yayamba. N'chimodzimodzi kwathu: Blantyre ndi Lilongwe zili pa mamita opitirira pang'ono 1,000, mpweya 0.89 bar, koma mukatsetsereka phiri kupita ku Chikwawa mwafika pafupifupi pa mulingo wa nyanja yaikulu, kuwonjezera apo dzuwa la mu Okutobala. Sankhani pulley poganizira malo otsikitsitsa ndi otentha kwambiri amene galimotoyo idzafike.

Katoni, selotepi ndi kumene ikuzungulira

Pezani miyeso ya supercharger imene mwasankha, muipange ndi katoni, muilowetse m'chipinda cha injini. Tsekani boneti. Pindani chiwongolero mbali zonse, chifukwa ndodo ya chiwongolero imadutsa pomwepo pamene mukufuna kuika chinthu chanu. Onaninso kumene mapaipi adutse, ndi ngati alternator ikuyenera kusamuka.

Kenako, kumene ikuzungulira. Izi zinandichitikira ndekha. Ndinagula Roots kwa munthu wina wogulitsa zitsulo za galimoto zophwasula, ndinaipukuta mpaka kuwala, ndinakhala Loweruka awiri ndikudula bulaketi. Tsiku loyesa lamba ndinazunguza pulley ndi dzanja mbali imene injini imazungulira, chikhatho china ndili nacho pakamwa potulukira mpweya. M'malo mondiuzira, chinandiyamwa chikhatho. Ndinakhala pa ndowa kwa kanthawi osayankhula. Za Eaton zilipo zozungulira kumanja ndi zozungulira kumanzere, za Rotrex nazonso zilipo za mitundu yonse iwiri, ndipo injini zakale za Honda, za B ndi D, zimazungulira mosemphana ndi injini zambiri. Funsani musanalipire, ndipo yesani ndi dzanja.

Bulaketi ikhale yachitsulo chokhuthala, yomangidwa pa injini penipeni, osati pa chasisi, chifukwa injini imagwedezeka payokha. Ma pulley onse akhale pa mzere umodzi, muyeze ndi rula yachitsulo. Lamba akhale wa mizere 6, ndipo akulunge pulley ya supercharger pafupifupi theka lake, apo ayi aziterereka. Chizindikiro chake ndi kafumbi kakuda kozungulira pulley ndi boost yomwe imagwa injini ikafika pamwamba. Amene muli ndi injini ya Mazda MX-5 ya 1.6 ya 1990 ndi kuchiyambi kwa 1991, yang'anitsitsani mphuno ya crank, ndi yaifupi ndipo imadziwika ndi kudyeka pa kiyi ngakhale popanda katundu wowonjezera.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Musakopeke ndi kuwala kwa kunja. Zunguzani pulley pang'onopang'ono: iziyenda mosalala, osakhula paliponse. Igwedezeni kutsogolo ndi kumbuyo mwachangu. Mukamva kugogoda, kachipangizo kapulasitiki kolumikiza shafiti m'mphuno mwake katha, koma aka n'kotchipa ndipo kamasinthika. Walitsani tochi mkati. Utoto wa pa ma rotor wosupuka pang'ono si vuto lalikulu, koma mizere yozama m'makoma ikutanthauza kuti munalowa mchenga kapena ma bearing anatha, ndipo imeneyo isiyeni. Oyilo wa m'mphuno musinthe musanaimange. Fungo lake ndi loipa zedi, musadabwe, ndi mmene amanunkhira.

Ziwiri zoti mudziwe. M45 ya Mini imazunguzanso pampu ya madzi kudzera m'timagiya ta kumbuyo kwake, ndiye mbali imeneyo muyenera kuichotsa n'kutsekapo. M62 ya Mercedes ija, pamodzi ndi SC12 ndi SC14, zili ndi kilatchi yamagetsi pa pulley ngati ya air conditioner, choncho kusintha kukula kwa pulley si kophweka, ndipo masamu anu angafunike kukwaniritsidwa posintha ya ku crank.

Zotsagana nazo

Mtengo wa supercharger yakale nthawi zambiri sufika ndi theka lomwe la ndalama zonse. Pa Roots, throttle, kachitseko ka mpweya kamene kamatseguka mukaponda moto, imakhala bwino kutsogolo kwa supercharger, ndipo pamafunika bypass valve yoti mpweya uzizungulira momasuka mukachotsa phazi. Popanda imeneyo supercharger imangotentha ndi kudya petulo pachabe. Pa centrifugal, throttle imatsalira pamalo pake ndipo mumaika valavu yobwezera mpweya kumbuyo.

Ma injector akale sakwana. Injini ya masilinda anayi ya 200 hp imafuna a pakati pa 360 ndi 400 cc pa mphindi, ndi pampu ya petulo yoti ikwanitse. Mapulagi akhale ozizirirapo sitepe imodzi. Kompyuta ya injini ikhale yotheka kuikonza, yokhala ndi MAP sensor (sensa yoyeza mphamvu ya mpweya wolowa mu injini) ya 2 bar ndi sensa ya kutentha kwa mpweya yoikidwa pambuyo pa intercooler. Ku Britain ambiri amagwiritsa ntchito Emerald, Omex kapena DTA, ku South Africa kuli Dicktator ndi Spitronics, ndipo okonda kulumikiza okha mawaya ali ndi MegaSquirt ndi Speeduino. Sankhani imene wokonza wapafupi nanu amaidziwa. A inshuwalansi muwauze za kusinthaku galimoto isanatuluke pageti.

Tsiku loliza koyamba, ikani geji ya boost ndi wideband, geji yoonetsa kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo, pamene maso akuona. Isiyeni injini itenthe, yang'anani ngati lamba akuyenda pakati pa pulley, mverani ngati pali paipi yopuma. Popita ku dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, yendani ngati mwanyamula mazira, singano ya boost isadutse ziro. Kumeneko wokonza ayambe ndi timing (nthawi imene mapulagi amayatsa moto) yobwezedwa m'mbuyo ndi petulo wochulukirapo, wideband iziwerenga pakati pa 11.5 ndi 12 boost ikalowa, ndipo wina avale zomvera m'makutu zolumikiza ku buloko ya injini kuti amve pinking ikangoyamba. M'thanki mukhale petulo yemwe uja wa tsiku ndi tsiku, ndipo pulley yaing'ono ija ikhalebe m'bokosi mpaka mutaona kutentha kwa mpweya pambuyo poithamangitsa pa dyno maulendo atatu otsatizana.